Mankhwala tamaliza, nanga bwanji mzere ukutulukabe?

Funso la mayi wina wa ku Chilobwe: "Zoyezayezazi zatisokoneza mitu pakhomo panga. Bambo akunyumba ayezedwa Widal katatu chiyambire Januwale pa kachipatala kena kolipira. Ulendo uliwonse akuti ndi taifodi, papepala akulemba 1:160, ndipo cipro amwa maulendo onse atatu, koma akungotopabe ndipo thupi likumatentha madzulo. Mwana wanga wa zaka 7 anamaliza LA, ndiye patapita sabata ndi theka anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. Titakamuyezetsa, malungo anatulukanso. Pali mng'ono wanga amene wakhala pa ma ARV zaka 9. Atabwera kumapemphero anadziyeza yekha ndi kachipangizo kam'kamwa kaja, panatuluka mzere umodzi, basi akuti wachira ndipo akufuna kusiya mankhwala. Kodi zipangizozi zimanama? Tikhulupirire chiti?"

Mayi, ndiyambe ndi mng'ono wanuyo chifukwa yake ndi yosadikira. Asasiye mankhwala, ngakhale tsiku limodzi. Muimbireni foni lero lomwe. Zifukwa zake ndizifotokoza kutsogoloku, koma ndafuna kuti mawu awa muwaone musanatope ndi kutalika kwa yankho langa.

Ine ntchito yanga ndi ya mu labotale, ndipo ndatha zaka ndikudontheza magazi a anthu a mu Blantyre muno pa tizipangizo timene mukutidandaulato. Kunama kwenikweni n'kwa apo ndi apo. Vuto n'lakuti kachipangizo kalikonse kamayankha funso limodzi lokha, laling'ono, ndipo kawirikawiri si funso limene wodwala wabwera nalo. Wodwala amafunsa kuti, "Ndikudwala chiyani lero?" Kachipangizo kamangoyankha kuti, "M'magazi awa muli kanthu kakutikakuti." Kanthuko kanalowamo liti, mwini wake akadalimo kapena anapita kalekale, zimenezo sikanena. Nkhani zitatu za pakhomo panu zonse zagona pamenepo.

Tizilombo tikalowa m'thupi, chitetezo cha m'thupi chimapanga timapuloteni tomwe timatchedwa ma antibody. Anthu ambiri amangoti asilikali a m'thupi, koma dzina limeneli timatchuliranso ma CD4, ndiye ine ndimakonda kuwatcha alonda. Taganizirani nyumba ina ku Chirimba yomwe akuba athyola. Mwini nyumba walemba mlonda n'kumuonetsa nkhope ya wakubayo. Pali zinthu zitatu za mlonda ameneyu zimene muyenera kuzidziwa. Salembedwa usiku womwewo wa kuba. Pamapita masiku, nthawi zina milungu. Wakuba akagwidwa n'kupita ku Chichiri, mlonda sachotsedwa ntchito. Amakhalabe pageti miyezi, zaka, mwinanso mpaka kale. Ndipo tsiku lina amagwira msuweni wa wakuba uja, wosalakwa, chifukwa nkhope zikufanana. Munthu wodutsa pamsewu akaona mlonda, chimene wadziwa n'chakuti pakhomopo panabedwapo. Zoti wakuba ali m'nyumbamo usiku uno, mlonda yekhayo si umboni.

Alondawa alinso m'magulu. Oyamba kufika ndi otchedwa IgM, omwe amaonekera m'sabata yoyamba kapena yachiwiri n'kuzimiririka pakapita miyezi. Otsatira ndi IgG, okhalitsa, omwenso mayi woyembekezera amapatsira mwana wake m'mimba. Ndiye pali mawu ena, antigen, omwe ndi kachidutswa ka wakuba mwini wake, tinene kuti chipewa chimene wagwetsa pabwalo. Zipangizo zina zimafufuza mlonda, zina zimafufuza chipewa. Mukamalandira zotsatira, funso labwino kufunsa woyezayo ndi limenelo: kachipangizo aka kamafufuza chiyani?

Ophunzira akabwera ku labotale ndimaswa dala kachipangizo kamodzi ka malungo kuti aone m'kati. Amakhumudwa, chifukwa simukhala waya kapena batire, mumangokhala kapepala koyera kowonda. Tikadontheza magazi ochokera pachala ndi timadzi tapadera tobwera m'bokosi lomwelo, tomwe timati buffer, madziwo amayenda m'kapepalamo monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha koloboyi. Panjira amakumana ndi ma antibody opangidwa kufakitale, omatidwa ku tinjere ta golide tosaoneka ndi maso, tomwe tikaunjikana malo amodzi timaoneka tofiirira. Chimene tikufunacho chikakhalamo m'magazi, amachigwira n'kuyenda nacho mpaka pa chilembo T, pomwe ena anatcheredwa kale ngati mono mumtsinje. Zikakodwa, mzere watuluka. Mzere wa pa C umangotiuza kuti madzi ayenda bwino mpaka kumapeto. Umenewu ukapanda kutuluka, kachipangizoko n'kotaya, kaya pa T paoneka chiyani. Luso lopanga ma antibody ofanana ndendende ambirimbiri linapezedwa mu 1975 ku Cambridge ndi Georges Köhler ndi César Milstein, ndipo kachipangizo koyezera mimba kamene atsikana amagula ku famase kamayendera luso lomwelo, kungoti iko kamafufuza mumkodzo hCG, chinthu chimene thupi la mayi limatulutsa akatenga mimba. Ka HIV n'kotembenuza: pakapepala amaikapo tizidutswa tofanana ndi ta kachilombo, topangidwa kufakitale ndipo tosapatsa matenda, kuti tikole alonda a m'magazi anu.

Pomwe tizipangizoti timanamadi, wolakwa kawirikawiri amakhala munthu. Kalikonse kali ndi nthawi yake yowerengera, ambiri mphindi 15 kapena 20. Ukafulumira, mzere wofooka sunatuluke. Ukachedwetsa, pamabwera kamzere kabodza. Bokosi losungidwa pawindo m'kutentha kwa Okutobala, kapena lopitirira tsiku lake, silodalirika. Tsiku lina ndikuyendera kachipatala kena ndinapeza mnyamata woyeza akudontheza madzi a dilipi chifukwa buffer inatha, tizipangizo tisanu ndi kamodzi titandanda patebulo popanda dzina la munthu ngakhale limodzi, akuti aziwerenga akabwera kokadya. Ndinamuuza ataye zonse, aitanenso anthu aja. Anandiyang'ana ngati ndamulanda malipiro.

Tsopano ya bambo akunyumba, yomwe ndi imene imandipweteka mtima kwambiri pa ntchito yangayi.

Widal ndi njira yachikale zedi yoyezera taifodi. Anaitulukira dokotala wa ku France, Georges-Fernand Widal, mu 1896, patangopita zaka zisanu chimalizireni kumanga tchalitchi cha St Michael and All Angels. Kachitidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Magazi akagwirana mu kabotolo, pamwamba pamayandama madzi achikasu. Timadontheza madziwo pa kathailosi koyera, n'kuwasakaniza ndi tizilombo ta taifodi takufa topakidwa mtundu, kenaka n'kumapendeketsa kathailosiko uku ndi uku kwa mphindi imodzi. Ngati muli ma antibody, timaona tizibuluma ngati ta chambiko. Zilembo O ndi H zimene mumaziona papepala ndi mbali ziwiri za kachilomboko, khungu lake ndi timichira take.

Nanga 1:160? Ganizirani Sobo. Mwathira Sobo mu kapu n'kuonjezera madzi, mwalawa, akukoma. Mwatsanula theka n'kudzazanso madzi, mwalawanso. Mukupitiriza mpaka kukoma kutatheratu. Ifenso timasungunula madzi a magazi aja chimodzimodzi: 1:20, 1:40, 1:80, 1:160, 1:320, ndipo nambala imene timalemba ndi yomaliza pomwe tizibuluma tinaonekabe. Choncho 1:160 ikungotanthauza kuti alonda alipo ochulukirapo. Si chiwerengero cha tizilombo, ndipo si muyeso wa kukula kwa matenda.

Funso ndi lakuti, munthu wamkulu amene wakulira mumzinda uno, amene wamwapo madzi a pachitsime mipopi itauma, wadyapo zapachiwaya pamsika, n'zodabwitsa kumupeza ndi alonda a Salmonella? Ayi ndithu. Taifodi mu Blantyre ilipo, ndipo si nkhambakamwa. Ku Gulupu, komwe magazi a odwala otentha thupi akhala akuyezedwa mwa njira yomeretsa tizilombo kuyambira 1998 mothandizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, ankapeza anthu a taifodi pafupifupi 14 pachaka mpaka 2010. Mu 2011 zinthu zinatembenuka, ndipo mu 2014 mokha anapeza 782. Kafukufuku wa mumzinda momwe muno anasonyezanso kuti ana a m'mabanja ophikira ndi kutsukira madzi a mumtsinje ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Ndiye anthu ambiri anakumanapo nako kachilomboka, ena osadwala n'komwe, ndipo alonda anatsalira. Onjezanipo asuweni ake, mitundu ina ya Salmonella yosayambitsa taifodi, imene yavutitsa kwambiri ana ndi anthu ofooka chitetezo kuno kwathu. Onjezaninso malungo, amene nawonso amatha kukweza nambala ya Widal. Mukatenga anthu athanzi pa depoti ya minibasi ku Limbe n'kuwayeza Widal, simulephera kupezapo "odwala taifodi" amene akungodikira kuti minibasi idzaze.

Mabuku amati Widal kuti inene kanthu, munthu ayezedwe kawiri, motalikirana masiku 10 mpaka 14, ndipo nambala ikwere kanayi, monga kuchoka pa 1:80 kufika pa 1:320. Kukwera kumeneko ndiko kumasonyeza kuti nkhondo ili m'kati, alonda akuonjezedwa. Ndiye taonani mapepala a bambowo: 1:160, 1:160, 1:160, miyezi yosiyana. Mosadziwa, mwachita kafukufuku wabwino kuposa amene anawayezawo. Nambala yosasuntha chonchi ikuloza ku alonda akale, osati matenda atsopano. Ndipo cipro amapha tizilombo, sachotsa ma antibody. Atamwa mapaketi khumi, Widal idzatulukabe chimodzimodzi. Kuyeza Widal pofuna kuona ngati munthu wachira n'kutaya ndalama.

Njira yotsimikizira taifodi ndi blood culture. Timatenga magazi a pamkono n'kuwathira mu botolo lokhala ndi msuzi womwe tizilombo timaukonda, n'kuliika pamalo ofunda madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Pakapita masiku awiri mpaka asanu, ngati tilimo, tachulukana, ndipo timatha kutidziwa dzina ndi kuyesa mankhwala amene angatiphe. Apa ndiye wagwidwa ndi wakuba weniweni. Njirayi nayo ili ndi pofooka pake: imaphonya odwala ena, makamaka amene ayamba kale kumwa mankhwala, imafuna zipangizo zodula, ndipo yankho silituluka tsiku lomwelo. Widal ndi yotchipa, imatuluka wodwala akadali pabenchi, ndipo imapatsa aliyense dzina la matenda loti apite nalo kunyumba. N'chifukwa chake siikutha m'tizipatala tolipira. Ine maganizo anga sindibisa: Widal imodzi yokha sindingaigwiritse ntchito poyambitsa mankhwala kwa m'bale wanga. Zoterezi zinachitikaponso ndi TB. Kunali zipangizo zoyeza ma antibody a TB m'magazi, zinkagulitsidwa kwambiri m'maiko ena, mpaka mu 2011 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza maiko kuti asiye kuzigwiritsa ntchito chifukwa zinkasocheretsa madokotala.

Kumwa cipro mwachisawawa kuli ndi mtengo wake. Taifodi imene inabuka mu 2011 ija ndi yosamva amoxicillin, chloramphenicol ndi Bactrim, mankhwala atatu amene kale ankaichiza mosavuta. Cipro ndi mmodzi mwa ochepa amene atsala. Tikamamumwa pa matenda amene kulibe, tikuphunzitsa tizilombo kumuzolowera, ndipo tsiku limene mwana adzadwaladi taifodi tidzagwira njakata. Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Miyezi yonseyi dzina lakuti taifodi laphimba matenda enieni. Taifodi ndi matenda a milungu: thupi limatentha mokwerakwera tsiku ndi tsiku, mutu, m'mimba, kudzimbidwa kapena kutsegula, ndipo ikalekereredwa imatha kuboola matumbo cha m'sabata yachitatu. Kutopa ndi kutentha thupi madzulo kwa miyezi ingapo ndi nyimbo ina. Sindingayeze munthu kudzera m'kalata, koma dokotala wodekha akamva zimenezi amafunsa za chifuwa, thukuta la usiku ndi kutsika kwa sikelo, n'kuyeza makhololo pa makina ofufuza TB a GeneXpert, kujambula chifuwa, kuyeza HIV, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. TB si ya m'mapapo mokha, ndipo ena amakhala nayo osatsokomola kwenikweni. Apite kuchipatala cha boma cha kufupi nanu akafotokoze mbiri yonse kuyambira Januwale.

Ndingotchulako za katemera, poti muli ndi ana. Katemera wa taifodi anayesedwa kuno komwe, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, kuyambira 2018, pa ana oposa 28,000, ndipo anateteza pafupifupi 8 mwa 10 alionse. Mu Meyi 2023 anaperekedwa m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15. Yang'anani m'timabuku ta ana anu ngati analandira.

Ya mwana wanu ndi yosavuta kumasula. Kachipangizo ka malungo sikafufuza mlonda, kamafufuza chipewa: puloteni yotchedwa HRP2 imene tizilombo ta malungo ta mtundu wa falciparum timatulutsa m'magazi. Vuto lake, chipewachi chimachedwa kuseseka. Tizilombo titafa kale ndi LA, HRP2 imatsalabe milungu iwiri, itatu, nthawi zina kupitirira mwezi. Choncho mwana amene wamaliza LA sabata ndi theka yapitayo, mizere iwiri ikhoza kutuluka, kaya wachira kaya sanachire. Pamenepa chofunika ndi maikulosikopu: dontho la magazi pa kagalasi, kulipaka mtundu, n'kufufuza ndi maso ngati tizilombo tikadalimo. Tikapezeka, ndiye kuti mwina mankhwala sanagwire, mwina udzudzu wamulumanso, ndipo achipatala amadziwa mankhwala ena oti apereke. Adzakufunsani ngati anamwa maulendo onse asanu ndi limodzi m'masiku atatu aja, ngati sanasanze, komanso ngati ankamwa atadya, popeza LA amalowa bwino m'thupi pakakhala chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka. Tikapanda kupezeka, afufuze kwina. Mwana wotentha thupi amene akutsokomola amafunika kumuwerenga kapumidwe ndi kumumvetsera m'chifuwa, kuopa chibayo. Mukaona akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, akukana kumwa, akusanza chilichonse kapena wakomoka, musadikire kuti kuche. Ndipo ulendo uliwonse muziyamba ndi kunena tsiku limene anamaliza LA, woyeza asanabaye chala.

Tibwerere kwa mng'ono wanu. Kachipangizo kam'kamwa kaja, OraQuick, mzinda uno ukukadziwa bwino, chifukwa kafukufuku wina woyambirira wa kudziyeza wekha HIV mu Africa anachitikira m'madera a Blantyre mu 2010. N'kabwino, ndipo kathandiza abambo ambiri amene sakanaponda pakhomo la chipatala. Kamapukutidwa m'nkhama, pamwamba ndi pansi, n'kuviikidwa mu kabotolo, n'kuwerengedwa pakatha mphindi 20 koma zisanapitirire 40. Sikafufuza kachilombo m'malovu, monga ena amaganizira mpaka kuyamba kuopa kumwera kapu imodzi. Kamafufuza ma antibody amene amadutsira m'nkhama, ndipo m'kamwa amakhala ochepa kwambiri poyerekeza ndi m'magazi.

Munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika zaka zambiri, kachilombo kamaponderezedwa mpaka kuleka kuoneka m'magazi. Thupi likamapanda kumuona mdani, mwa anthu ena limachepetsa alonda, makamaka amene anayamba mankhwala msanga. Alonda ochepa kale, n'kukawafufuzanso m'kamwa momwe amakhala ochepetsetsa, mzere wachiwiri ukhoza osatuluka. N'chifukwa chake malangizo a kachipangizoka amanena kuti si ka anthu amene ali pa ma ARV. Mzere umodzi umene anauonawo ukusimba za zaka 9 zomwa mankhwala bwino. Kachilombo kakadalimo, kabisala m'maselo momwe mankhwala sangakazule, ndipo akangosiya, pakapita milungu yochepa kamadzadzanso m'magazi. Munthu amamva bwinobwino miyezi ingapo, n'kumachitira umboni m'tchalitchi, kenaka TB kapena matenda oumitsa khosi afika. Oterewa ndawaonapo magazi awo akubwerera ku labotale, CD4 itatsika mochititsa mantha, m'kabuku mutalembedwa kuti anasowa chaka chathunthu.

Mapemphero sindikuwanyoza, inenso Lamulungu ndimakhala m'tchalitchi. Mukamalankhula naye musamutsutse pa chikhulupiriro chake, mungotsekereza khomo. Muuzeni kuti apite kuchipatala chimene amalandirirako mankhwala akafotokoze zimene zachitika, ndipo akapemphe kuona viral load yake. Imeneyo ndiyo imawerenga kachilombo kenikeni. Akamuuza kuti tizilombo sitikuoneka, imeneyo ndi nkhani yoti aithokozere Mulungu mokweza, chifukwa munthu wotero amakhala wathanzi ndipo sapatsira mnzake pogonana. Koma zimakhala choncho pokhapokha piritsi lija likumwedwa tsiku ndi tsiku.

Mwina mufunsa kuti, nanga ngati anamuyeza molakwika kalelo? Funsolo si lopusa, ndipo achipatala ali ndi njira zolifufuzira iye akupitiriza kumwa mankhwala; si nkhani yoti aiweruze yekha kuchipinda. Kuopa kulakwitsa kotereku ndi chifukwa chake munthu sauzidwa kuti ali ndi HIV ndi kachipangizo kamodzi. Tiyeni tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti kachipangizo kamalakwitsa kamodzi pa anthu 100 opanda kachilombo. Tayeza anthu 1,000, ndipo 20 mwa iwo alidi nako. Mwa 980 otsalawo, pafupifupi 10 atuluka mizere iwiri yabodza. Ndiye pa anthu 30 a mizere iwiri, mmodzi mwa atatu alionse alibe kachilombo. Anthu amene sakudziwa kuti ali nako akamachepa m'dziko, vutoli limakula. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mu 2019 WHO inalangiza kuti pazikhala zipangizo zitatu zosiyana zotsatizana, ndipo zonse zigwirizane. Kuno mayina amene aphungu amawatchula ndi Determine, Uni-Gold ndi SD Bioline. Zikasemphana, munthu amauzidwa kuti abwerenso akayezedwe kachiwiri. WHO imati pakatha masiku 14. Kachipangizo kodziyezera pakhomo nakonso kakatulutsa mizere iwiri, si chigamulo. Ndi chiitano chopita kukatsimikiza.

Kuchedwa kwa mlonda kuja nako kumapweteketsa anthu. Mnyamata wachita zosadziteteza Loweruka, Lolemba wathamangira kukayezetsa, mzere umodzi, wabwerako akuimba mluzu. Ma antibody a HIV amatenga milungu itatu kapena kuposa kuti aoneke, mwa ena mpaka miyezi itatu. Lolembalo chimene anafunika ndi PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene amayambidwa pasanathe maola 72 n'kumwedwa masiku 28, kenaka kudzayezetsanso nthawi yake itakwana.

Ngati mng'ono wanuyo adzakhale ndi mwana, adzaonanso mbali ina ya nkhaniyi. Khanda limabadwa ndi alonda obwereka kwa amake, ndipo amatha kukhala m'magazi mwake mpaka miyezi 18. Mutaliyeza ndi kachipangizo wamba lili ndi mwezi umodzi, mizere iwiri ituluka ngakhale lilibe kachilombo. N'chifukwa chake pa milungu 6 amatenga timadontho ta magazi pa kapepala n'kutumiza ku PCR, imene imafufuza kachilombo kenikeni, ndipo kachipangizo wamba kamadzagwiritsidwa ntchito pa miyezi 12 ndi 24.

Chindoko ndiye chaswetsa mabanja. Kachipangizo kachangu kamene amayezera amayi kusikelo kamafufuza alonda amene, mwa anthu ambiri, amakhala moyo wonse ngakhale munthu anabayitsa jakisoni n'kuchira zaka khumi zapitazo. Mayi atuluka mizere iwiri, afika kunyumba, mlandu wayamba: wabweretsa ndani? Pomwe mwina ndi nkhani ya kale, anthuwo asanadziwane n'komwe. Njira ina yotchedwa RPR ndiyo nambala yake imatsika munthu akachira. Pomwe RPR palibe, mayi woyembekezera amabayidwa ndithu penisilini, pamodzi ndi amuna ake, ndipo apa ndimagwirizana nazo kwathunthu, chifukwa jakisoni wosafunika ndi chinthu chaching'ono poyerekeza ndi kupita padera kapena kubereka mwana wodwala. Chimene mzerewo sungathe ndi kuloza chala munthu kapena kutchula chaka.

Ndiye pokonzekera ulendo wa bambo akunyumba, sonkhanitsani mapepala onse atatu a Widal, muwasanje motsatira masiku ake kuti adokotala aone okha nambala yosasunthayo. Tengani kabuku kawo ka kuchipatala ndi timapaketi ta mankhwala onse amene amwa, ngakhale ogula pa golosale kapena azitsamba. Ngati akutsokomola, anene msanga pofika kuti apatsidwe kabotolo ka makhololo. Ndipo kumbukirani tsiku limene anamwa piritsi lomaliza la cipro, mulilembe pachikuto cha kabukuko, chifukwa akaganiza zotenga blood culture, ife a mu labotale tidzafuna kulidziwa tsiku limenelo tisanakhulupirire botolo limene silinamere kanthu.